Sikapulari ya a Esau

Mvula itakata m'mawa uja, Che Hamadi sanavundukule makina awo osokera. Anawasiya pakhonde la golosale ali chifundire pulasitiki, nawoloka njanji kupita kukazonda mlamu wawo, a Esau Mulipa.

A Esau anakwatira Rukiya, mlongo wawo wa Che Hamadi, kalekale akugwira ntchito yokonza njanji pakati pa Nkaya ndi Nayuchi. Ukwatiwo unayamba movuta, pakuti mwamuna anali Mkatolika pomwe mkazi anali Msilamu, koma mkwiyo wa abale unatha ndi zaka. Rukiya anamwalira, chilamu chinatsala. Masana aliwonse a Esau ankabwera kudzakhala pabenchi pafupi ndi makina, awiriwo n'kumatonzana mpaka dzuwa kupendeka. Sabata yathayo anagwa m'munda akupalira chimanga. Ku chipatala ku Balaka anawasunga masiku ochepa, kenaka anawabweza kuti azikasamalidwa kunyumba. Mbali yakumanja inali itafa, pakamwa patapotoka, mawu atatha.

M'nyumbamo Che Hamadi anapeza Thandizo, mwana yekhayo wa a Esau, amene anabwera kuchokera ku Limbe kudzadwazika matenda. Anali atagwada pambali pa matiresi, kapu ya phala ili m'manja.

"Akukana, amalume," anatero Thandizo. "Chiyambire dzulo masana akungoluma mano. Ngakhale madzi."

Che Hamadi anavula nsapato nakhala pamphasa.

"Alamu, kugona kotani kumeneku? Sitima yamalasha yadutsa kale, akapitawo ali m'bulangete. Dzukani mudzandinamize ndi chingerezi chanu chija."

Masiku enawo a Esau akamva zotere diso lakumanzere linkaseka. Lero silinaseke. Linayang'ana Che Hamadi molimba, kenaka linatsikira pachifuwa. Dzanja lamoyo lija linali pomwepo, likufufuza pansi pa malaya, likukwera kukhosi, likubwerera pachifuwa. Zikhadabo zinali zitakanda khungu mpaka kutuluka timagazi.

"Akhala akutero usiku wonse," anatero Thandizo. "Ndimayesa n'kuyabwa, ndawadzoza mafuta."

Che Hamadi anamasula mabatani a malayawo. Pakhosi panali mzere wowezuka pomwe chingwe chinakhala zaka zonsezi. Chingwecho panalibe.

"Tinsalu tawo tili kuti?"

"Chithumwa chija? Tinachiwotcha."

Thandizo anafotokoza mosabisa, ngati munthu amene wachita chabwino. Dzulo kunabwera anzake a mpingo wake ochokera ku Balaka kudzapempherera wodwala. Powasanjika manja anapeza chingwe m'khosi, ndi tinsalu tiwiri tofiirira tosokerera, kena pachifuwa kena kumsana. Onse anagwirizana kuti chimene chamanga lilime ndi miyendo ya a Esau n'chimenecho. Anachidula ndi lumo nachiponya pambaula.

Che Hamadi anayang'ananso mzere wa pakhosi uja. Tinsalu timeneto ankatidziwa kuposa munthu wina aliyense pa Nkaya, chifukwa ankatisoka ndi iwo. A Esau ankatitcha sikapulari. Anawaveka ndi wansembe wina wokalamba ku Utale ali mnyamata, pamodzi ndi anzawo ochepa, nawauza kuti chimenecho n'chovala cha Amayi Maria a ku phiri la Karimeli, chochepetsedwa kuti munthu wolima azitha kugwira nacho khasu. Wochivala ayenera kupemphera tsiku ndi tsiku ndi kusunga ukwati wake, ndipo akafa atachivala, Amayi Maria samusiya yekha panjira. Anzawo aja onse anatha kufa. A Esau sanavulepo, posamba ngakhale podwala. Chingwe chikafumbutuka ndi thukuta ankabwera nacho kumakina, ndipo sankavula chakale chatsopano chisanalowe m'khosi. Chakalecho ankakachikwirira kuseri kwa nyumba.

"Chithumwa cha Aroma chatha mphamvu?" ankawafunsa Che Hamadi nthawi zonse.

"Sokani, alamu, mlomo siusoka," ankayankha a Esau. Tsiku lina anawonjeza, osaseka: "Langa likadzafika ine ndisakuyankhula, mudzaone kuti ili m'khosi. Mwana wanga sazidziwa izi."

"Thandizo," anatero Che Hamadi tsopano, "chimene chija sichinali chithumwa. M'kati munalibe mtengo, munalibe pepala. Nsalu yokha. Ndinasoka ndi manja angawa."

"Inu, amalume? Inu ndinu Msilamu. Zikukukhudzani bwanji za Aroma?"

"Za Aroma sizindikhudza. Andikhudza ndi awa agona apawa."

"Chilichonse chimene munthu wachimangirira m'thupi kuti chimupulumutse ndi fano. Ine ndikufuna bambo anga amasuke. Musabweretse china m'nyumba muno, chonde."

Che Hamadi anagwira dzanja la mlamu wawo naliika pambali. Atangolisiya linabwerera pachifuwa.

Atatuluka anapita kwa a Raymond, wapampando wa limana, kagulu ka Akatolika a m'mudzimo, nawapeza akukhoma msomali pakhola la mbuzi. A Raymond anamvetsera, nakanda m'mutu.

"Sikapulari? Ndinkamva agogo anga akuitchula. Masiku ano sindinaonepo wovala, kaya kuparishi angakhale nayo. Ndipotu mtsinje wadzaza, lero sangawoloke munthu. Bambo mfumu anawadzoza kale ali kuchipatala, zofunikazo zinachitika. Tengani korona yangayi mukawapatse, n'za Amayi Maria zomwezo."

"Korona ali nayo, ili pamsomali. Sakufuna imeneyo."

"Nanga mukasoka inu, adalitsa ndani?"

"Eni ake ankati wodalitsidwa ndi munthu, tsiku loyamba lija. Nsalu imangolowa m'malo mwa inzake."

A Raymond anawayang'ana modabwa, nalonjeza kuti masana abwera ndi amayi a limana kudzachita mapemphero.

Kumakina kuja Che Hamadi anakhuthula thumba la zigamba pansi. Munali zitenje, khaki ya ana asukulu, zidutswa za makatani. Yofunikayo munalibe. A Esau ankakana nsalu ina iliyonse. Inayenera kukhala yofiirira ngati dothi lonyowa, ndiponso ya ubweya wa nkhosa weniweni. Kale ankadula ku jasi lawo lakale la kunjanji, chidutswa ndi chidutswa, mpaka jasilo linatha chaka chathachi. Che Hamadi anaganizako zonyenga. Panali kansalu ka mtundu womwewo kotsala ku thalauza la mphunzitsi wina, ndipo munthu wodwala chonchija akanadziwa bwanji? Anakapotokola pakati pa zala nakabwezera m'thumba. A Esau akanadziwa. Ngakhale akanapanda kudziwa, wosokayo akanadziwa.

Linali tsiku la msika. Amalonda anali atayala katundu pamasaka m'mphepete mwa msewu, kuthawa zithaphwi. Che Hamadi analunjika kwa Abiti Hassani, mayi wa ku Nayuchi amene ankabwera ndi kaunjika wochokera kutsidya kwa malire. Ankadziwana kuyambira ubwana wawo. Atapatsana salamu, Che Hamadi ananjuta nayamba kufukula mulu wa majekete.

"Mwayamba kuzizidwa, Che Hamadi? Mukufunika mkazi wachiwiri inu, osati jekete."

"Woyambayo akumveni. Bwerekeni machesi."

Anasolola ulusi umodzi m'kati mwa jekete lofiirira nauyatsa. Unasungunuka n'kusanduka kampira kakuda. Analiponya pambali natenga lina.

"Ee, ee! Mukufuna kundiwotchera katundu?"

"Ndikumufunsa mafunso katundu wanuyu. Uyu wati ndi pulasitiki. Uyunso wati ndi pulasitiki. Mukugulitsa majumbo, Abiti Hassani, mwangowaika mabatani."

"Majumbo omwewo mudzavala pa Idi. Mukusakasaka chiyani kodi?"

"Nkhosa."

Anayesa majekete onse ofiirira, siketi imodzi, ndi chipewa. Anthu anayamba kuima kuonerera telala wopengayo. Dzuwa linali litakwera, nthunzi ikufuka m'matope, ndipo Che Hamadi ankangoona dzanja lija likukanda pachifuwa. Pansi penipeni pa mulu anapeza kajasi ka mwana, kolemera, kodyedwa ndi njenjete kumapewa. Ulusi wake unakana kuyaka. Unangofwinyata, n'kununkha ngati mutu wa mbuzi pamoto, ndipo ataufinya unasanduka phulusa.

"Iyi ndiye nkhosa," anatero.

"Kameneko kangakukwaneni mkono umodzi."

"Ndikufuna pang'ono chabe, ngati mabokosi awiri a machesi. A Esau ali pafupi. Chovala chawo cha m'khosi chija chinapsa."

Abiti Hassani anasiya kuseka. Rukiya anali mnzake wa kumadrasa, ndipo a Esau ankawadziwa.

"Tinsalu tija? Rukiya ankati pochapa malaya ankachita kuwapempha kuti avule, osatheka." Anatenga kajasiko nakapinda. "Tengani konse. Koma ashehe akudziwa kuti mumasoka zimenezi?"

"Ashehe akudziwa kuti mkanjo wawo ndinasoka ndine. Zina sanandifunse."

Kunena zoona, Che Hamadi sankakhulupirira kuti nsalu ingaperekeze munthu kwa Mulungu. Mulungu ndi mmodzi, sasowa chizindikiro kuti azindikire kapolo wake. Zimenezi anawauza a Esau kambirimbiri, ndipo a Esau ankati nawonso akudziwa kuti nsalu ndi nsalu, monganso mkeka wa swala ndi mkeka, komabe munthu sagwada pena paliponse. Mkanganowo sunathe, ndipo tsopano sukanathanso. Chotsala chinali chakuti munthu anapempha, iwo anavomera.

Anadula tinsalu tiwiri tofanana kumsana kwa kajasiko, komwe njenjete sizinafike. Anapinda m'mphepete, napalasa makina pang'onopang'ono kuti mzere uwongoke. Zingwe ziwiri anapanga ndi nsalu ya thonje yopindapinda kuti zisacheke khosi, naziyesa pa mapewa awo omwe, pakuti msinkhu wawo ndi wa mlamu wawo unali umodzi. M'makona anabwereza ulusi. Azana yoitanira anthu ku swala ya masana inamveka kumzikiti ali pakona lomaliza. Anamaliza, naluma ulusi, natawaza posamba m'manja, kumaso ndi kumapazi ndi madzi a m'botolo, naswali pakhonde pomwepo. Kenaka anaika sikapulariyo m'thumba la malaya nawolokanso njanji.

Thandizo anali atakhala pakhomo, maso ali ofiira. Anaona chingwe chikusuzumira m'thumba la amalume ake, naimirira.

"Ndinakupemphani, amalume."

"Unandipempha."

"Anzanga anena kuti tisabwerere m'mbuyo. Akuti tikapirira masiku atatu adzuka. Mukabwezeretsa chimenechi, zonse tinapempherazo zapita pachabe. Ine ndatsala ndi bambo okhawa basi. Amayi anapita ine ndili kutali. Awa sindilola."

Che Hamadi anaona nkhope ya Rukiya pa mwanayo, chibwano chomwecho chosamva zonena anthu. Iwo ndiwo anali mwinimbumba. Akanangonena mawu amodzi, Thandizo akanapatuka pakhomopo, ndipo mudzi wonse ukanati amalume achita bwino. Koma anadziwa kuti akadzangotuluka, lumo lidzabweranso.

"Mwanangu," anatero motsitsa mawu, "adokotala anakuuza chiyani pokutulutsani?"

Thandizo anayang'ana kumbali.

"Anakuuza chimene anandiuza ine. Bambo ako sadzuka. Ndi nsalu, popanda nsalu, sadzuka. Chatsala n'chakuti apite bwanji, akulimbana kapena atagona."

"Mulungu angathe."

"Angathe. Akafuna kutero, kansalu aka sikangamutsekereze. Iwe wanena zako, ine ndanena zanga. Eni khosi sitinawafunse. Tiye tikawafunse. Akakana, ndikawotcha ndekha iwe ukuona."

"Afunsidwa bwanji munthu wosayankhula?"

"Dzanja lilipo."

Thandizo anapatuka pakhomopo. M'nyumbamo munali mdima ndi fungo la matenda. A Esau ankapuma mokoka, milomo itauma n'kung'ambika. Che Hamadi anagwada, nagwira dzanja lamoyo lija, nalitambasula, naika sikapulariyo pachikhatho. Anabwerera nakakhala kukhoma.

Zala zinafumbata. Chala chachikulu chinayamba kusisita kansaluko, m'mphepete monse, pakona lililonse, monga ankachitira a Esau pabenchi paja pofuna kupeza pomwe telala wanyenga. Diso linapita kwa Che Hamadi. M'khosi munatuluka kamawu kosamveka. Kenaka dzanjalo linayamba kukwera. Linafika pachibwano, linafika pamphumi, likunjenjemera, koma mutu unali wolemera pa pilo ndipo chingwe chinakodwa kukhutu. Dzanja linagwa. Sikapulariyo inatsala pankhope.

A Esau anapuma, naitolanso. Ulendo wachiwiri chingwe chinafika pamwamba pa mutu, n'kuterereka. Thukuta linatuluka pamphumi. Anayesanso.

"Amalume, athandizeni!" anatero Thandizo.

Che Hamadi anali atapinda manja pamaondo. Sanasunthe.

"Amalume! Mukuwaona akuvutika!"

"Ndikuwaona. Ine yanga inali yosoka."

"Ndinu ouma mtima inu."

"Eya."

Dzanja lija linakweranso, pang'ono chabe tsopano, osafika n'pachibwano pomwe. Diso la a Esau linachoka kwa mlamu wawo n'kupita kwa mwana wawo, ndipo linakhala pomwepo. Thandizo anagwira pakamwa. Kenaka anagwada, nalowetsa mkono pansi pa khosi la bambo ake, nadzutsa mutu n'kuutsamiritsa pachifuwa chake. Anatenga zingwe zija nazidutsitsa pamutu. Tinsalu tonse tiwiri tinagwera kutsogolo.

"Kena kumsana," anatero Che Hamadi. "Chingwe china phewa ili, china phewa ilo."

Thandizo anakonza, nalowetsa kansalu kenako m'malaya kumbuyo, nawagoneka. A Esau anapeza ka pachifuwa kaja, nakakweza kumilomo yopotokayo, nakagwiriza pomwepo. Dzanja litatsika linagona pamwamba pake, osafufuzanso. Mapewa anamasuka. Thandizo ananyowetsa supuni m'madzi naiika pakamwa, ndipo mano anatseguka. Anameza kawiri, katatu.

"Ine sindikukhulupirirabe zimenezi," anatero Thandizo, akupukuta misozi ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Ngakhale ine," anatero Che Hamadi.

Dzuwa litapendeka a Raymond anafika ndi amayi a limana. Anakhala pamphasa nayamba korona, mmodzi akutsogolera ena akuvomera. Thandizo sanavomere nawo, koma sanatuluke. Anakhala kumutu kwa bambo ake akupemphera zake chamumtima. Che Hamadi anatulutsa kampando nakhala panja pafupi ndi chitseko, pomwe ankatha kumva kupuma kwa wodwalayo pansi pa mawu a amayi aja. Kupumako kunkatalikirana. Mbuzi zinayamba kubwerera kumakola. Mapemphero asanathe, Che Hamadi anamvetsera koma kupumako osakumvanso, ndipo posakhalitsa Thandizo analira.

Che Hamadi anavula kofia, nanena mawu amene Asilamu amanena pomva za imfa, kuti tonse ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Anavalanso kofiayo nayamba kutuma anthu: wina kwa amfumu, wina kwa abale a ku Nayuchi, wina kukaona ngati mtsinje waphwa kuti uthenga ufike kuparishi.

M'mawa mwake kunabwera amuna osambitsa maliro, a Raymond ali patsogolo ndi beseni ndi nsalu yoyera. Amayi anatuluka m'nyumba kuwapatsa malo. Thandizo anatuluka womaliza, mawu atasasa ndi kulira, ndipo pakhomo anagwira mkono wa a Raymond.

"Mupeza chingwe m'khosi mwawo," anatero. "Musachivule. Musambitse chili pomwepo, kansalu kena kutsogolo kena kumbuyo."

A Raymond anavomera ndi mutu, nalowa natseka chitseko.